Mzere wa Phulusa

Lachinayi, 1 Julaye 2021

Zotsatira zabwera. Ndili nayo korona. A Lucia, alangizi a zaumoyo, abwera pa njinga kudzandiuza, ataima patali ngati aona njoka. Akuti ndibindikire m'nyumba ndekha. Kusukulu ayi, kutchalitchi ayi, kumsika wa pa Nsaru ayi. Ndipo ndisayandikire abambo, chifukwa cha shuga wawo uja.

Nyumba yanga ndi ya makolo n'zoyang'anizana, pakati pali nkhokwe basi. Ndatapa phulusa, ndathira mzere kuchokera pankhokwe mpaka pa mtengo wa gwafa. Uku kwanga, uko kwawo. Chakudya aziika pa mtondo, ine ndizitenga iwo akachoka. Mlongo wanga Evaristo waseka, akuti aphunzitsi ajambula bwalo la mpira. Aseke, mano ndi ake.

Chikundidya n'chimodzi. Lamulungu lapitali ndinakhala ndi abambo pamphasa imodzi tsiku lonse, tikuswa mtedza, ine ndikuyetsemula. Ndinkati ndi fumbi la choko. Ambuye, abambo asatenge. Ine ndipirira, koma iwo thupi lija silingathe.

Loweruka, 3 Julaye

Chisanu cha chaka chino n'chankhanza. Mwera ukulowera pansi pa chitseko. Thupi lonse kuphwanya. Fungo palibe, ngakhale la sopo.

Ndadziikira malamulo monga ndimachitira ndi ana anga a Sitandade 4, poti munthu ukangogona umawola. Kudzuka, kuyala pabedi, kutsegula mawindo ngakhale mano akugundana. Kusesa mbali yanga ya bwalo. Dzuwa likafika pakhonde, kulipatsa msana. Tiyi wa mandimu ndi jinja, amene akungomveka ngati madzi otentha. Masana kuzungulira nyumba mpaka miyendo itakana. Dzuwa likapendeka, kufukiza masamba a bulugamu nditafunda bulangeti. A Lucia akuti bulugamu sachiza kanthu, amangotsegula mphuno. Chabwino, atsegule mphunozo.

Koma mankhwala enieni ndi a m'mawa. Abambo amanyamula mpando wawo ndi wailesi, n'kudzakhala tsidya la mzere, kamtunda ndithu. "Aphunzitsi, mwadzuka bwanji kundendeko?" Kenako nkhani: mbuzi ya ndani yalowa m'dimba la ndani, soya watsika, mkamwini wa uje wathawa. Pomaliza amavula chipewa, kuika pabondo, n'kundipempherera mokuwa kuti mawu awoloke phulusa. Mudzi wonse umamva kuti ine Tisiyenji ndikutsegula m'mimba. Abale, abambo anga!

Lachiwiri, 6 Julaye

Tsiku la ufulu. Ufulu wanji.

Ndakalipira abambo lero. Ndinali pakhonde ndikunjenjemera, maso nditatseka. Potsegula, ndaona ali pafupi, awoloka mzere, jekete lawo la kutchalitchi lili m'manja kuti andifunditse. Ndakuwa ngati ndaona moto padenga. Ndawauza kuti abwerere, ndawafunsa ngati atopa nawo moyo. Aika jekete pansi, abwerera pang'onopang'ono. Atafika tsidya anati, "Ndakubereka ndine, lero ukundiinga ngati nkhuku pamphale."

Zandipweteka. Koma bola andikwiyire ali moyo.

Jeketelo ndavala. Manja ake akundipitirira zala.

Lachisanu, 9 Julaye

Sanasunge mangawa, amabwerabe m'mawa uliwonse. Koma lero akhosomola pakati pa pemphero, kawiri konse, chifuwa chouma. Ndafunsa. Akuti ndi fumbi la fodya, dzulo anathandiza Evaristo kumanga mabelo. Ndawachonderera kuti akayezetse. Akuti mawa. Mawa la abambo ndimalidziwa ine.

Ndauza Evaristo pawindo kuti awatengere kuchipatala pa njinga yamoto, afune asafune. Iye ali pagalasi lanjingayo kupesa tsitsi lake lija. Mnyamata ameneyu, theka la moyo wake limathera kwa ometa a pa Nsaru, mizere m'mutu ngati munda wa mtedza. Wati wamva.

Ine kuzungulira nyumba kwandikanika. Ndafika pagwafa, mpweya watha. Kusesa ndasesa nditakhala pansi.

Lamulungu, 11 Julaye

Pachifuwa ngati pakhala thumba la chimanga. A Lucia akuti ndizigona chafufumimba. Panja sindinatuluke. Wailesi sindinaimve.

Lamulungu, 18 Julaye

Sabata yonse yandidutsa ngati madzi. Ndikukumbuka zidutswa zokha. A Lucia atavala zoyera mpaka kumaso, akunditsina chala ndi kachipangizo kawo koyezera mpweya, akunena kuti ukatsika pang'ono pokha andinyamula kupita kuchipatala cha Kabudula. Phala pawindo. Thukuta. Kulota ndikuphunzitsa kalasi yopanda ana.

Lero ndadzuka ndi njala yeniyeni. Ndamva fungo la utsi wa kwa aneba, ndalira ngati mwana. Ndayala pabedi, ndatsegula mawindo, ndatuluka ndi jekete kukawothera dzuwa. Mzere mphepo yaufufuta, ndathira phulusa lina.

Mpando wa abambo palibe.

Evaristo akuti anapita kwawo ku Nambuma, alongo awo sakupeza bwino. Abambo kuno ndi akamwini, ngakhale akhala zaka zoposa zanga, ndiye kukakhala vuto kwawoko amathamangira. Ndafunsa za chifuwa. Akuti anakayezetsa, anapatsidwa mankhwala. Ndaimba foni yawo, yozima. Akuti kumudziko kotchajira n'kutali. Chabwino. Koma munthu n'kuchoka osanditsanzika ngakhale pawindo? Kapena za nkhuku pamphale zija zikadali kumtima.

Amayi ndawaona patali. Mawu asasa, akuti ndi chisanu. Sanakhalitse.

Lolemba, 19 Julaye

Malamulo anga ndayambiranso. Kuzungulira nyumba pang'ono, kupuma, kuzunguliranso. Ndaswa mtedza mbale imodzi kuti zala zikumbuke ntchito. Ndayesa kuimba nyimbo ya kwaya, mawu akutuluka ngati a tambala wachinyamata.

Amayi a Chigwirizano abwera, aliyense ndi mtolo wa nkhuni, ena kaufa. Alowa kwa amayi, akhalitsa, osamveka n'kuseka komwe, pamene amayi amenewa akakumana ngakhale agalu amathawa phokoso. Potuluka andiweyulira dzanja patali. Mmodzi anayamba kunena kanthu, mnzake wamukoka chitenje. Ndinadziuza kuti akuopa matenda. Ndinakondwanso, eti, kuti mpingo wandikumbuka ndi nkhuni zambiri chotere.

A Lucia akuti popeza chifuwa sichinathe, ndidikire mpaka Loweruka ndisanawoloke mzere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Loweruka ndikwera njinga, ndikawatenga ndekha ku Nambumako, ndikawapepese bwinobwino nditagwada.

Lachiwiri, 20 Julaye

Evaristo wadwala chipewa. Chaubweya, chofika m'makutu, m'mawa, masana, ngakhale powaza nkhuni thukuta lili chuchuchu. Ndamuseka kuti kodi atsikana a pa Nsaru aziona chiyani tsopano. Wangopitiriza kuwaza nkhuni zake. Evaristo osayankha chipongwe!

Foni yozimabe. Wailesi ya abambo ndaiona pawindo la amayi. Sapita kulikonse osaitenga, ngakhale kudimba.

Ndamwa tiyi wanga. Ndasesa. Ndasesanso pomwe ndinasesa kale.

Lachitatu, 21 Julaye



M'mawa abwera a Joseph, mkulu wa mpingo mnzawo wa abambo, kudzandipempherera. Aima tsidya la mzere, amayi agwada, Evaristo pambali. A Joseph anati tipemphere. Evaristo, mwachizolowezi, monga mwamuna aliyense woleredwa m'nyumba ya abambo, wavula chipewa.

Mpala. Mutu wonse mbee, wometedwa ndi lezala, mabala ang'onoang'ono kunkhongo. Si kumeta kwa pa Nsaru kumeneko. Kwathu kuno munthu sameta chotero mu Julaye, pokhapokha ataika wake m'manda.

Maso sindinatseke. Ndayang'ana amayi, duku lawo lakhala lophwatalala, pansi pake palibe kanthu. Evaristo wandiona kuti ndaona. Wayesa kubweza chipewa, chagwa pansi. A Joseph akupempherabe, osadziwa kanthu, akuthokoza Mulungu kuti ndachira.

Ndadikira ameni. Ndafunsa liwu limodzi: liti?

Lachitatu lapitalo. Evaristo anawatengera abambo kuchipatala Lolemba, atakomoka kuseri kwa nkhokwe. Shuga anakwera, mpweya unatsika. Anaikidwa mawa lake kwawo ku Nambuma, mwamsangamsanga monga akuikira masiku ano, bokosi losatsegula, anthu ochepa. Mkamwini amakagona kwawo, ndiye pano sipanamveke nyimbo kapena khasu. Akuluakulu anagwirizana kuti wodwala sauzidwa maliro, angatsatire. A Lucia nawonso anavomera. Azimayi a pamudzi pano ankapita kukalirira kudimba kuti ndisamve.

Kudimba! Ine ndili pano ndikukondwera ndi nkhuni za chipepeso cha bambo anga.

Ndawatukwana onse. Evaristo, amayi, ngakhale a Joseph, mkulu wa mpingo. Mawu amene sindinkadziwa kuti ndimawadziwa. Ndalowa, ndatseka chitseko, ndatseka mawindo. Chakudya chili pamtondo, nkhuku zikudya.

Mwina anachita bwino. Mwina ndikanamva sabata ija ndikanapitadi. Koma anali bambo anga, mayo ine, ndipo aliyense wawalira kupatula ine.

Lachinayi, 22 Julaye

Pabedi sindinayale. Mawindo sindinatsegule. Dzuwa lafika pakhonde lokha.

Chakumasana ndinauza Evaristo pawindo kuti andiikire lezala pamtondo. Onse anameta, ine ndekha ndikuyenda ndi tsitsi ngati mlendo pamaliro a eni. Ndinati ndidzimeta ndekha pagalasi, kunkhongo kukhale momwe kukhalire.

Lezalalo silinafike pamtondo. Ndamva kugogoda. Amayi, pakhomo panga penipeni, phulusa lili kumapazi. Beseni la madzi ofunda, sopo, lezala. Ndakuwa chitseko chili chotseka kuti abwerere, adikire Loweruka, ndataya kale mmodzi. Iwo anati, "Bambo ako ndawasambitsa ndi manja awa mpaka tsiku lomaliza, ndiope iwe? Mwana wanga sadzimeta yekha ngati alibe mtundu." Akhala pansi pakhonde. Amayi akakhala pansi chotero, ngakhale ng'ombe siingawadzutse.

Ndavala masiki, ndawaponyera ina pawindo. Avala mokhota, mphuno ili panja, ndawakalipira, akonza. Ndatuluka. Ndakhala pamphasa nditawapatsa msana, nkhope kumphepo.

Anyowetsa mutu, apaka sopo. Manja awo okhakhala, ozizira. Chiyambire mwezi uno palibe munthu anandikhudza ndi dzanja lopanda magolovesi. Apa ndiye ndalira, kulira kwenikweni, kokuwa, mudzi wonse umve. Azimayi atuluka m'nyumba zawo, aima tsidya la nkhokwe, andithandiza kulira. Amayi sanasiye kumeta. Tsitsi likugwera pa chitenje, mphepo ikutenga lina.

Nditapeza mpweya ndinafunsa chimene chakhala chikundidya chiyambire dzulo. Ndinati amayi, tsiku lija la mtedza, ndinawapatsira ndine kodi?

Lezala linaima. Kenako anandigwira chipumi, n'kukankhira mutu kutsogolo.

"Werama bwino, ndingakucheke."

Ndawerama.