Limbikani Waitanidwa ku Intavyu

Lolemba, 2 Juni

Masabata 34. Mapazi atupa, nsapato zonse zakana, ku ofesi ndapita ndi patapata. Sikani ya sabata yatha inaonetsa poyera: mtsikana. Kuyambira tsiku limenelo amunanga akungomwetulira okha ngati apata mphoto. Dzina anasankha kalekale, la malemu mayi awo. Enelesi.

Enelesi! Apongozi ndinkawakonda, Mulungu akudziwa. Koma dzinali ukalimva umaona mpango kumutu ndi dengu la tomato. Ine ndikufuna Limbikani. Woliona papepala aziyesa ndi mwamuna, ndipo ndi zimene ndikufunazo.

Iwo akuti ndimaganiza mopyola. Iwo amakonza mafiriji, firiji siyifunsa munthu dzina. Ine zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikutsegula makalata a anthu ofuna ntchito. Ndimadziwa zimene dzina limachita likafika patebulo la abwana.

Lachitatu, 4 Juni

Ku ofesi kwatuluka malo a woyang'anira nyumba yosungira katundu. Makalata afika 212, kutseka Lachisanu. Ntchito yanga kusefa, atsale makumi atatu. Abwana asankhapo asanu ndi peni yawo yofiira ija. Sawerenga zonse. Diso pa dzina, diso pa zaka, kwatha.

Alamu anabwera madzulo ndi timalaya ta pinki tokhatokha. Nawonso ali mbali ya achimwene awo. "Mtsikana dzina la Limbikani? Mukufuna adzamere ndevu?" Aseka mpaka kutsokomola. Ine ndangopitiriza kupinda timalayato.

Mtima sukukhazikika. Ndakhala pampando, ndaima, ndasesa pakhonde posesa kale. Kukangana ndatopa nako. Ndikufuna umboni woti ndiwaikire patebulo.

Lachinayi, 5 Juni

Ndachita chinthu. Nthawi ya nkhomaliro, anzanga onse atatuluka, ndalemba makalata awiri ofunsira ntchito. Dipuloma imodzimodzi, zaka zisanu pantchito onse, ndangosintha kalembedwe ndi mayina a masukulu. Wina Enelesi, wina Limbikani. Wa Limbikani ndamuikira nambala ya simu yanga yakale ya m'kabati, wa Enelesi nambala yongopeka. Onse ndawalowetsa mumulu wa makumi atatu.

Printa inatafuna pepala, ndinatuluka thukuta poisolola. Mwana m'mimba kumenya ngati akundiletsa.

Si kuba. Ndikungofuna kuona basi.

Loweruka, 7 Juni

Kuchapa matewera atsopano, kulongedza chikwama cha kuchipatala, kumasulanso, kulongedzanso. Amunanga akhomera shelefu m'chipinda, yapendekera, akuti ndi maso anga. Akamadutsa amagwira mimba, "Ene, wadzuka bwanji?" Ayamba kale kulidula dzinalo. Sindinawauze za makalata.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndapambana. Nanga bwanji chakudya chikukana kutsika?

Abwana anandiitana ndi mulu wanga. Ine chilili pambali, iwo akutembenuza mapepala. Atafika pa Enelesi analiwerenga mokweza, kuseka. "Awa asochera, kumsika ndi uko." Pepala pambali. Sanafike ngakhale pa dipuloma.

Anayi anawachonga msanga, amuna okhaokha. Malo achisanu anatsala pakati pa makalata awiri. Dzanja lamanja Limbikani wanga. Lamanzere mayi wina weniweni, kalata yake ndikuikumbukira, envelopu yogwiritsa kale ntchito, anaitembenuza n'kumata bwinobwino ndi selotepi. Zaka zisanu ndi ziwiri akuyang'anira katundu, kampani yawo inatsekedwa chaka chatha. Anamuposa Limbikani ndi zaka ziwiri zathunthu.

"Titenge mnyamatayu," anatero. "Sadzatipempha tchuthi cha mwana." Akunena choncho mimba yanga itatsala pang'ono kukhudza tebulo lawo. Peni yofiira, chonga.

Ndiye mwana wanga, asanabadwe n'komwe, walanda munthu malo.

Lachitatu, 11 Juni

Kuimbira osankhidwa. Anayi ayankha, wina mpaka kukuwa ndi chisangalalo. Wachisanu ndaimba dala pamaso pa mtsikana wa pa risepishoni, foni ikunena kuti nambala siyikupezeka. Ipezeka bwanji, simu ili m'kabati kunyumba, pansi pa masokosi.

Ndawauza abwana. "Pitirizani kuyesa, ameneyo ndikumufuna. Kalata yake ikuonetsa kuti ndi munthu wolongosoka." Wolongosoka! Kalata yofanana ndi ya Enelesi, mfundo zomwezo, wolemba ndine.

Kunyumba ndaulula zonse. Ndimayesa ndiwagonjetsa, ndinena kuti mwaona tsopano. Amunanga anasiya kudya. Sanakalipe, bola akanakalipa. "Ndiye mayi anga anasekedwa mu ofesi mwanu, inu muli pomwepo?" Kenaka, akusamba m'manja: "Mwanayu azidzabisala moyo wake wonse kuti amutsegulire chitseko? Nanga akalowa, n'kumuona?"

Ndinatola mbale n'kukatsuka. Mafunsowo ndagona nawo.

Lachisanu, 13 Juni

Ndanama kachiwiri. Ndati Limbikani wapeza ntchito kwina. Ndinafulumira kuwonjezera kuti tiitane mayi uja, poti anali wotsatira. Abwana osadzutsa mutu. "Anayi akwana."

Kalata ya mayiyo ndaichotsa m'katoni ya okanidwa, ili m'chikwama changa. Ndaiwerenga katatu m'minibasi. Pamapeto analemba kuti atha kuyamba tsiku lililonse, ngakhale mawa. Mawu oti ngakhale mawa anawadula mzere kunsi.

M'katoni muja ndayang'anamo bwino lero. Akazi ambiri si abwana anawakana ayi. Ndi ine, ndisanafike nawo n'komwe kutebulo. Ndinazolowera zokonda zawo, dzanja limangosefa lokha. Kuyambira liti? Sindikudziwa. Manyazi andigwira.

Ndikaulula, ntchito yatha, tchuthi cha uchembere chipitira pomwepo. Ndikapanda kuulula, mayi uja sadzadziwa chimene chinamugwetsa.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi sindinamve kalikonse. Msana. Amunanga sakutchulanso Ene, akungoti mwanayu. Kuwawa kwake kuposa kukangana kuja. Apeza chithunzi cha mayi awo ali pa mashini yosokera, achiika pa shelefu yopendekera ija.

Ndakumbukira. Diresi limene ndinavala tsiku la intavyu yanga anasoka ndi apongoziwo, tisanakwatirane n'komwe. Anandiyeza m'chiuno n'kunena kuti, "Ukalowa usayang'ane pansi, mwanawe." Ntchito ndinaipeza. Lero ndikuti dzina lawo ndi la dengu la tomato.

Lachiwiri, 17 Juni

Mawa intavyu, Lachisanu ndiyamba tchuthi. Polemba ndandanda ya mawa, pa nambala 5 ndaikapo mayi uja. Popanda chilolezo. Ndamuimbira ndili m'bafa ya ku ofesi, mpopi wotsegula kuti asandimve. Poyamba sanakhulupirire, anandifunsa kawiri ngati sindinalakwitse nambala. Kumbuyo kwake mwana akulira, iye akumutonthoza chapansipansi kuti ndisamve. Ndinamva.

Ndamuuza abwere naini koloko, asachedwe, asayang'ane pansi.

Abwana akafunsa ndidzati ndinasokoneza, mutu wa amayi oyembekezera. Amakhulupirira zimenezo, ziwagwire okha.

M'mimba mukukoka mwachilendo kuyambira masana. Mwina ndi mantha chabe.

Lolemba, 23 Juni

Sanali mantha. Mwana anabwera Lachitatu m'mawa, nthawi yomwe ya intavyu, kutatsala masabata atatu kuti masiku akwane. Makilo 2.4. Tili m'chipatala mpaka pano, anali ndi chikasu, amugoneka pansi pa nyale masiku anayi. Lero maso ayera. Zala zazitali, za telala. Amunanga anaziona, anatuluka panja, anabwerako maso ali ofiira, akuti ndi fungo la mankhwala.

Wa pa risepishoni wabwera ndi nthochi ndi nkhani. Mayi uja anafika hafu pasiti eyiti, malaya oyera ositidwa bwino. Abwana anang'ung'udza, koma anamulowetsa poti a ku likulu la kampani analipo. Akuti anayankha bwino kuposa onse, wa ku likulu mpaka anamulembera nyenyezi. Atenga mwamuna. Iye wachiwiri.

Ndipo akuti abwana akudandaulabe. "Mnyamata uja Limbikani akanabwera, bwenzi titapeza munthu."

Ndaseka mpaka kumva kuwawa pamene anandisoka. Mnyamata wa abwana ali pano, wavala kachipewa ka pinki, akuyamwa. Kuseka kutatha ndalira, mnzangayo kudabwa, ine osatha kumufotokozera.

Lachiwiri, 24 Juni

Akutitulutsa masana. Namwino wasiya fomu ya kalata ya kubadwa, akuti sitichoka mpata wa dzina usanadzazidwe. Amunanga andipatsa peni. "Lembani limene mukufuna, ine sinditsutsanso." Apita kukasaka galimoto.

Posaka chiphaso m'chikwama ndatulutsa envelopu ya selotepi ija. Ndakhala nayo m'manja, fomu pabondo. Zonse zimene ndinkaopa ndi zoona, ndaziona ndi maso anga. Dzinali adzaliwerenga mokweza, adzaseka, pepala pambali. Mwina wosefayo adzakhala mkazi ngati ine, wotupa mapazi, woopa abwana.

Ndikabwerera ku ntchito ndizikaphimba mayina ndi kapepala ndisanapereke mulu. Ngati ntchitoyo ndikaipeze ilipo.

Ndalemba. Zilembo zazikulu, monga fomu ikufunira. ENELESI. Mantha sanathe, ndangolemba nawo.

Abambo ake sanaone, ndaipinda, akaione okha kwa namwino. Wadzuka, akufuna bere. Ene, dikira kaye, mayi ako atseke peni.