Botolo Lopita ku Murcia

Cayambe, 11 Meyi

Mlongo wanga Zoila,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, pamodzi ndi alamu anga a Rigoberto ndi ana. Msana uja unasiya kuvuta, kapena ukadawerama m'minda ya eni ake mpaka pano? Kuno tonse tili bwino. Bambo bondo limawavuta m'mawa mokha, ikafika nthawi yovina amaliiwala.

Usadabwe kuona kalata ya pamanja kuchokera kwa ine, munthu amene ngakhale moni ndimatumiza pa foni. Werenga mpaka kumapeto, chifukwa chake uchimva.

Unamva kale kuti ku famu ya maluwa anandikweza. Pachitseko cha ofesi yanga analembapo liwu lachingerezi loti lojisitikisi, poti ogula athu ambiri ndi akunja. Amayi atandifunsa tanthauzo lake, ndinawauza kuti ndi ntchito yoonetsetsa kuti chinthu chachoka pomwe chili n'kukafika pomwe chikufunika, pa nthawi yake, chisanawonongeke. Duwa lodulidwa Lolemba liyenera kulowa m'chipinda chozizira, likwere lole, lipeze malo m'ndege, Lachinayi likhale lili m'manja mwa mtsikana wina kutsidya kwa nyanja. Ndinawonjeza kuti liwulo linayambira kwa asilikali, pa nkhani yowapezera chakudya ndi pogona akakhala pa ulendo. Amayi anangoti, "Ndiye zaka zinayi kusukulu, kuphunzira zimene ine ndimachita pa ukwati uliwonse?"

Ndinaseka, osadziwa kuti wosekedwa ndikhala ine.

Chaka chino bambo ndiwo prioste, mkulu wa chikondwerero cha Petulo Woyera, ndiye Misa, oimba ndi chakudya cha mudzi wonse zili pamutu pawo. Mwayi umenewu audikira zaka makumi awiri, ndipo ukudziwa kuti chikondwerero chikalephereka, anthu akwathu kuno amakukumbutsa mpaka kumanda. Ine ndi udindo wanga watsopano ndinawauza kuti apume, zonse ndiyendetsa ndine.

Ndinakhala pa kompyuta n'kukonza ndondomeko yooneka bwino. Lole ya a Eleuterio itute nkhuni pa 24 Juni. Amalume a Segundo afulule mowa wa chicha. Mayi Hermelinda awotche nkhumba ziwiri pa 28. Aliyense ndinamutumizira uthenga pa foni wonena tsiku, ola ndi malo. Kuntchito ndikatero, madalaivala makumi atatu amanyamuka osafunsa.

Sabata inatha, kuli zii. Foni inkaonetsa kuti onse awerenga, koma woyankha panalibe. Mayi Hermelinda nditakumana nawo pamsika anandipatsa moni ngati ndine wokhometsa msonkho. Bambo anayamba kubweza mbale chakudya chili momwemo. Sanandikalipire, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiwawa kwambiri.

Amayi ndiwo ananditsegula m'maso. Anati anthuwo si madalaivala anga. Munthu sauzidwa, amapemphedwa. Umapita ndi miyendo yako, botolo la mowa ndi buledi m'manja, n'kukhala pansi mpaka mwini nyumba afunse yekha chimene wabwerera.

Loweruka tinayenda nyumba khumi ndi imodzi, ine nditanyamula dengu pambuyo pawo. Apo ndi pomwe ndinaona ndondomeko yawo yosalembedwa paliponse. Tinayambira kwa Mayi Hermelinda, chifukwa akanamva kuti wina wapemphedwa iwo asanafikiridwe, nkhumba zikanapsa mbali imodzi. A Eleuterio tinawafikira m'mawa asanalawe kanthu, kuti lonjezo adzalikumbukire. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Bwana lojisitikisi, lero foni yatha moto?" Anandimwetsa makapu awiri a chilango, kenako anati lole ndi yathu, mafuta adzathira okha.

Pano zonse zili m'malo mwake. Bambo ayambanso kudya, ndipo atsitsa gitala ija pakhoma. Ine ndikuuze zoona, papita nthawi ndisanakondwe chonchi.

Koma tikubwerera tsiku limenelo, m'dengu munali mutatsala botolo limodzi. Ndinayesa amayi anachulutsa mwangozi. Anati ayi, nyumba yakhumi ndi chiwiri ili ku Murcia, kwa iwe.

Apa ndivomere kulakwa, mlongo wanga. Nawenso ndinakutumizira uthenga wa mtundu womwewo: tsiku, ndege, ola lofikira ku Quito. Unawerenga koma sunayankhe, ine n'kukwiya, kumauza anthu kuti ku Spain wakaphunzirako matama. Wolakwa ndinali ine. Papita zaka zisanu ndi zinayi osaponda kuno, ine n'kukuitana ngati ndikuitanitsa katundu. Pepa.

Bambo sanena ndi pakamwa, koma malo a woyenda pambali pawo pa tsiku la chikondwerero atanyamula maluwa a Woyera sanapatse munthu. Azakhali awiri apempha kale malowo, onse awakaniza.

Miyendo yanga siingafike kumeneko, choncho Fausto wa amalume a Segundo, amene ali pa ulendo wa ku Spain, akubweretsera kalatayi pamodzi ndi botolo lija. Ndalikulunga m'nsalu imene amayi amafunda popita ku Misa, ndipo likafika losweka andichotse ntchito. Buledi sangapirire ulendo, ameneyo udzadyera kuno. Fausto ndamuuza kuti akakhale pansi, asakadzuke mpaka iwe utamufunsa chimene wabwerera.

Zoila, bwera. Tikukupempha.

Upereke moni kwa alamu anga ndi kwa ana, uwauze kuti agogo awo akuwasungira malo pa gule. Mulungu akusungeni nonse, Petulo Woyera akutsegulire njira.

Ndine mlongo wako,
Aníbal