Mpanda wa malemu akazi anga wandidanitsa ndi alamu

Aphungu,

Chaka chimene tinalowa m'nyumba yathu, akazi anga anabwera kuchokera kuntchito atakulunga timitengo m'kansalu konyowa. Anali namwino, ndipo anatithyola pampanda wa chipatala. Ndinawaseka kuti, "Mayi, anzanu amabwera ndi ndiwo, inu nkhuni zaziwisi?" Anangoti, "Dikirani mvula, mudzasiya kulongolola." Ndinasiyadi. Timitengo tija, ta chitsamba chotchedwa lantana, tinakula kukhala mpanda wochita maluwa achikasu ndi ofiirira pansonga imodzi, agulugufe osachokapo, odutsa mumsewu n'kumapempha mbewu.

Akazi anga anatisiya zaka zingapo zapitazo. Zovala zinagawidwa, mawu awo ayamba kuzimirira m'makutu mwanga, koma mpanda ulipo. Ndikausadza m'mawa fungo la masamba limatsalira m'manja, ndipo ndimamva ngati angolowa m'nyumba kumene.

Sitinkadziwa kuti mbalame zimadya tizipatso take n'kukafesa kutali. Kuseri kwathu kuli busa la alamu anga, achimwene a malemu, amene amaweta ng'ombe zamkaka. Lero mbali yaikulu ya busalo ndi ziyangoyango za lantana waminga, udzu sumeranso. M'chilimwe chathachi ng'ombe yawo yabere inadya masambawo posowa msipu. Inasupuka khungu kumphuno, maso n'kuchita chikasu, mpaka inafa. Dokotala wa ziweto anati ndi lantana.

Kutacha, alamu anafika ndi chikwanje n'kuyamba kudula mpanda osaodira n'komwe. Ndinatuluka ndili ndi sopo kumaso. Anati, "Alamu, maluwa anuwa akundithera ng'ombe." Ine ndinati, "Mlongo wanu mukufuna kumuika m'manda kawiri?" Anatsitsa chikwanje, kundiyang'ana, n'kubwerera. Kuyambira pamenepo tikakumana panjira aliyense amapeza choyang'ana kumbali. Chonsecho ndi iwo okha otsala amene ndingaseke nawo za mmene malemu ankapotozera nyimbo akamachapa.

Paja anadulapo paphukira mowirira kuposa kale. Mwana wanga wamkazi watopa ndi kuyenda uku ndi uku kuti atiyanjanitse, ndipo dzulo wandiuza kuti amalume ake avomera kubwera Loweruka. Ndikawauze chiyani? Nanga ndikazula, nditsala ndi chiyani?

G.W.M., m'tauni muno

Bambo G.W.M.,

Pepani ndi zonsezi, koma zulani. Akazi anu anabzala maluwa, sankadziwa za ng'ombe, ndipo namwino sakanalola kuti chokongola chake chiphe chamoyo. Kumbukiraninso kuti asanakhale akazi anu anali mlongo wa munthuyo. Mawu aja a manda anagwera pachilonda chimene nayenso ali nacho.

Loweruka musayambe ndi za maluwa. Pepesani kaye pa mawuwo, kenako funsani za ng'ombe ija, chifukwa m'kalata yonseyi sindinaone pamene munapita kukaona khola. Mukatero apempheni kuti muzule limodzi, kuyambira kubusa kwawo, mpanda wanu pomaliza.

Chikwanje chokha sichithandiza, mwaona nokha. Kumbani ndi khasu nthaka ikadali yonyowa mpaka chitsa chituluke, zitsazo muziyanike mizu kumwamba. Valani malaya a manja aatali chifukwa lantana amakanda. Pamene mwazula bzalani udzu msanga, ndipo muzibwerera kukazula tomwe taphukira. Alangizi a zaulimi akuthandizani zina.

Mwafunsa chimene mutsale nacho. Funsani alamu mtengo umene mlongo wawo ankakonda kukwera ali mtsikana. Inu simuudziwa, iwo akuudziwa. Bzalani umenewo pamzere wa mpanda, iwo atagwira mbande, inu mukukwirira.

Chenjezo langa: mtima ukuuzani kuti musunge kanthambi kamodzi m'chitini kuseri kwa nyumba. Musatero, alamu akadzakaona sadzakukhulupiriraninso. Loweruka akabwera atakwiya, asiyeni alankhule mpaka amalize. Ndipo musawadikire mutakhala pampando. Kawachingamireni kumsewu.

Aphungu