Kambalame ka achimwene Yusufu

Lachinayi, Febuluwale 2021. Tsiku lolemera.

Foni inalira ndikumwa tiyi. Namwino anati, "Pepani, a Yusufu atisiya m'mawa uno." Achimwene anga, amene anandibweretsa ku Dubai kuno. Chifukwa cha korona sindinaloledwe n'komwe kukawaona kuchipatala.

Masana ndinapita ku Al Quoz, kumene ankakhala, kukatenga katundu wawo. Kambalame kawo kachikasu kanali m'chikwere, madzi atatha.

Chaka chatha ndinawerenga za katswiri wina wakalekale wa ku Italy, wotchuka ndi zithunzi ndiponso makina ouluka amene ankawajambula. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ankapita kumsika, n'kugula mbalame za m'zikwere, n'kuzimasula pomwepo. Ndinawafotokozera achimwene ngati mphunzitsi, n'kuti, "Nanunso kamasuleni aka, mukukazunza."

Anaseka. "Iwe ndi mabuku ako! Mzungu wakoyo akaweruka ankalowa m'chipinda chopanda womulonjera ngati ine? Khalas, basi, kasiye."

Ndinanyanyala, ndipo ndinayamba kukawayendera mwa apo ndi apo. Munthu ankandiuza kuti wasungulumwa, ine n'kumangomva kuti akutsutsa buku langa.

Madzulo ano ndinakwera padenga ndi kambalameko kuti ndichite zimene ndinkalalikira zija. Dzanja linakana kutsegula chikwerecho. Kanabadwira m'chikwere, sikadziwa kudzifunira chakudya, ndipo bukulo silinanene ngati mbalame zomasulidwazo zinkakhala ndi moyo.

Amayi ku Mangochi sindinawaimbirebe. Kambalameko kali pawindo langa, ndipo dzina limene achimwene ankakaitana nalo sindikulidziwa.