Mwala wanu ukuti munabadwira ku nsanje

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumeneko?

Kuno ku Zingwangwa tilipo, koma ine mtima sukukhala m'malo. Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Selina wachira, mwana wamkazi, mphuno ngati yanu. Kamunda ka ku Machinjiri chaka chino katipatsako chimanga. Denga la kukhitchini lokha ndi limene likudonthabe.

Yandisowetsa mtendere ndi nkhani ya chiliza chanu. Achimwene a Fredi anatumiza mawu ake pa foni kuchokera ku Joni, wosema miyala wa ku Ndirande n'kungokopera momwemo. Mukudziwa mmene achimwene amalembera pa foni, tizilembo ting'onoting'ono tokhatokha ngati nyerere. Lachiwiri ndinapita kukauona mwalawo. Dzina lanu layamba ndi chilembo chaching'ono, la Mulungu chimodzimodzi. Ndiye m'munsi mwake alemba kuti "anabadwira ku nsanje." Inu amayi, amene simunasirirepo ngakhale chitenje cha mnzanu!

Ndinangokhala pa njerwa. Ndinakuonani muli kutsogolo kwa ana a Sitandade 3, choko chili mbuu m'manja, mukuti, "Chiganizo chimayamba chitaimirira. Dzina la munthu, la malo, la tsiku, la Mulungu, nalonso liziimirira." Ndipo ndikalakwitsa kunyumba munkandikoka khutu: "'A' waulemu yekha, ngati wa mu 'a Fredi', ndiye amakhala wamng'ono, dzina n'kukula. Ulemu sudzikweza."

Nditawaimbira achimwene anaseka. "Iwe Rozina, akufa sawerenga. Anthu tawaitana kale, Loweruka tikuvundukula basi." Ndinati amoyo amawerenga, ndipo ambiri adzabwerewo kuwerengako munawaphunzitsa ndinu. Anadula foni.

Kuyambira pamenepo ndangokhala wa m'maminibasi, Ndirande, kutchalitchi, Ndirande. Wosemayo akuti angathe kupala nkhope yonse ya mwala n'kulembanso, koma Loweruka sungathe. Ndamuuza kuti apale. Abambo mfumu avomera kusuntha Misa. Azakhali a ku Nsanje anali atafulula kale thobwa, ndipo akuti mwana wa m'tauni ndachita mwano chifukwa cha kachilembo kamodzi. Achimwene anagula kale tikiti ya basi, foni yanga sakuyankha.

Kodi ndalakwa, amayi? Ndikaganiza za mwala ndimati ayi. Ndikaganiza kuti tatsala atatu okha, ndiye awiri sitikuyankhulana, ndimati mwina inde. Inu mukanadziwa chonena. Mwina mukanatikalipira tonse awiri.

Kuyambira mawa ndizikaima pambali pa wosemayo mpaka chilembo chomaliza. Ndipo ndikukulonjezani ichi: Lachisanu ndikawachingamira achimwene ku depoti ya mabasi ku Wenela. Andiyankhule, asandiyankhule, chikwama chawo ndikanyamula ndine.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Rozina