Josiah Awili ndi Kalata ya Ukwati ya Rabecca

Msonkhano wa Bungwe la Azimai a Mpingo, kwa Nyampande
Tsiku: Lachinai, 14 August 1958
Malo: pakhonde la tchalitchi
Analipo: amai Sophia Lungu (wapampando), amai Eneless Mumba, amai Rhoda Tembo, Rabecca Njovu, ndi ine Ennie Sakala (mlembi)
Sanabwele: amai Virginia Daka. Akuti mwendo. Mwendo womwewo unafika kumowa dzulo.

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula ndi pemphelo lalifupi.

2. Nkhani ya Rabecca
Wapampando anati mwamuna wa Rabecca, amene ali kumgodi ku Wanki, wapatsidwa nyumba ya okwatila, koma mkazi akapanda kufika mwezi uno adzaipeleka kwa wina. Rabecca anapita ku Boma ku Petauke kukatenga pasi yaulendo, kalaliki nam'bweza. Kalata ya ukwati ikuti mwamuna ndi Febian Daka, chitupa chikuti Josiah Daka.

Ndinafotokoza ndine, poti ndinalipo tsiku lolowa dzina. A Josiah enieni, malume ake a Febian, atamwalila, abale anakhazika Febian pamphasa nam'lowetsa dzina la malume. Iye mwachangu chake anakasintha chitupa, za kutchalitchi osakumbuka.

3. Nzelu ya amai Rhoda
Amai Rhoda anati njila ilipo yachidule: amai Eneless, amasiye a malemuwo, akali nayo kalata yao ya ukwati yolembedwa Josiah Daka. Rabecca angoibweleka. Ndinawafunsa ngati anaona chaka chake. Ndi 1921. Ndiye kuti Rabecca anakwatiwa amai ake akali kuyamwa. Amai Rhoda anati makalaliki sayang'ana zaka. Wapampando anati Mulungu amayang'ana.

Rabecca anati: "Amai, ku Wanki ndikakhala Eneless mpaka kufa? Nanga mwana ali m'mimbayu adzam'lemba wa yani?"

Amai Eneless anati kalata yao siichoka m'bokosi, adzapita nayo kumanda. Koma iwo eni achoka. Anati: "Josiah wina ndinamuika m'manda, wina ndinam'meta ndekha tsiku lolowa dzina. Kalalikiyo andiyang'ane kumaso anene kuti sindiwadziwa amuna anga."

4. Zogwilizana
Amai Eneless ndi Rabecca apite mawa kwa abusa kuti alembe kuseli kwa kalata ya Rabecca kuti Febian ndiye Josiah, adinde. Lolemba apite kukhoti la mfumu ndi amene analowetsa dzina, akachitile umboni. Akachoka kumeneko, ku Boma. Ine ndipita nao, chifukwa Rabecca akaona munthu wa tayi mau amam'thela. Ine sanandithelepo. Onse anavomela. Amai Rhoda anavomela ndi mutu wokha.

5. Zina ndi zina
Amai Rhoda anaseka amai Eneless kuti papepala nyumba ya ku Wanki ndi yao, bwanji osangokwela basi. Amai Eneless anapempha kuti yankho lao lilembedwe m'buku, ndipo ndalemba: "Josiah mmodzi anandikwana. Uyu ndi wa Rabecca, akaone nayenso."

Msonkhano wina: Lachinai likudzali, ngati tabwelako ku Boma ndi pasi. Tibwela nayo.
Tinatseka dzuwa litapendeka.

Wapampando: Sophia Lungu (chala)
Mlembi: Ennie Sakala