Ndowa ya Esinati

Lachinayi madzulo. Tsiku lozizira, chiperoni sichinachoke. Sindinatsegule buku lililonse lero.

Ndapeza kumene kumachokera fungo lija. Ndi ndowa imene Esinati anaviikamo masamba a chinanazi asanapite kuchipatala. Chimwalirireni mkazi wangayo, palibe anaivundukula.

Achemwali ake anati, "Alamu, tayani izi, zaola." Ndinakana. Tinakhala pakhonde n'kumapala tsamba limodzilimodzi ndi chibenthu cha mbale, monga ankachitira mwiniwake. Masamba ambiri anangosungunuka m'manja, koma ena anatulutsa ulusi woyera, wolimba ndithu. Ndauyanika pachingwe.

Mayi wa gulu loomba nsalu ku Chitakale anabwera kudzauona. Akuti ukwana mpango waung'ono. Atandifunsa utoto woti anyike, ndinatembenukira kukhitchini kuti ndimufunse Esinati...